Chilonda Chosungira Alendo

"Ndipatseni kiyi wa bokosilo, atate ake Lidiya. Sindikupempha nsalu yovala ine, ndikupempha mankhwala a mwana."

Rabeka anaima pakhomo ndi chikho cha madzi ofunda m'manja. Mwamuna wake Lazaro, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni pamudzipo, anali atakhalira bokosi lachitsulo ngati thadzi pa mazira, akupukuta masileti a ana ndi kansanza. Sanatukule n'komwe mutu.

"Ndanena kale, amake Lidiya. Tidikire alendo. Mlungu uno sutha asanafike."

"Alendowo akubwera kudzadya chilonda? Mlendo timamusungira nkhuku, timamusungira ufa woyera. Zosungira mlendo chilonda ndazimvera kuno kwa eni sukulu."

Pakhonde, pa mkeka, Lidiya ankaingitsa ntchentche ndi kanthambi. Anali mwana wa zaka ngati zisanu ndi zinayi, waliwiro kuposa anyamata, ndipo liwirolo ndilo linamugwetsera pa chitsa akupirikitsa mbuzi m'munda wa chimanga. Bala linali pamwamba pa kakolo. Likanapola bwinobwino, pakuti mishoni inkapatsa mphunzitsi aliyense kabotolo ka mankhwala ofiirira osungunula m'madzi ndi mpukutu wa nsalu yoyera yomangira zilonda, ndipo Rabeka anali atayamba kutsuka m'mawa ndi madzulo. Koma Lazaro atabwerako ku msonkhano wa aphunzitsi, anakiyira botolo ndi nsalu m'bokosi, kiyi n'kuvala m'khosi.

"Khalani pansi ndikufotokozereni," anatero Lazaro.

"Ndimva chiimire. Makutu sali kumatako."

"Chabwino. Chaka chatha, kutabwera azungu aja ochokera kutsidya kwa nyanja, munatani inu azimayi? Munasesa mudzi wonse mpaka kuseri kwa makola. Munasambitsa ana, kuwadzoza mafuta a nsatsi, kukabwereka nsalu kumidzi ina. Odwala munawabisa kuseri kwa nkhokwe, ati n'zamanyazi mlendo kuona mafinya."

"Anatiuza ndani? Si inu nomwe?"

"Ndine, ndipo ndinapusa. Azungu aja anadya nkhuku zathu, anamva nyimbo za ana, n'kugwedeza mitu kuti kuno anthu ali pabwino. Atafika kwa Gidiyoni, mphunzitsi waulesi uja wosasesa ngakhale pakhomo pake, anapeza ana a mphere ali mbwee, ntchentche zili m'maso. Anajambula zithunzi, anakazionetsa m'matchalitchi a kwawo, anthu a kumeneko analira n'kusonkha. Lero Gidiyoni akuphunzitsira m'sukulu ya njerwa. Ine, wosesa, ndikuphunzitsira m'chisakasa chodontha. Ukhondo wathu unatiluzitsa, amake Lidiya."

"Ndiye chaka chino mwati mutchere msampha, nyambo yake mwana wanga?"

"Musalankhule ngati wachikunja. Amene akubwera tsopano ndi dokotala weniweni, mayi amene wasiya kwawo mwa kufuna kwake, wosalandira malipiro. Abusa atiuza kuti adzasankha mudzi umodzi tsidya lino la mtsinje wa Katete, kumene kuli mavuto kwambiri, kuti amangeko nyumba ya mankhwala. Mudzi umodzi wokha! Mwamuiwala Antoni? Tinamubereka mosinthana usiku ndi usana, chaka cha chimfine chija, n'kutithera m'manja denga la mishoni tikuliona. Nyumba ya mankhwala ikanakhala pano, bwenzi lero akuweta mbuzi."

Dzina la mwana wake woyamba linamulasa Rabeka pamtima, ndipo Lazaro ankadziwa kuti limulasa. Mayiyo anayankha motsitsa mawu.

"Antoni anafa mankhwala ali kutali. Uyu mukufuna afe mankhwala mutawakhalira. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, atate ake Lidiya, wa pachala ngwa mphepo."

"Ndani wanena za kufa? Ndi masiku ochepa chabe. Dokotala akaona, adzachiza yekha ndi mankhwala oposa awa. Ine ndi bambo ake, sindingamuphe."

"Ndikanakhala kwathu simukanayerekeza. Alongo anga akanakutulutsirani kabokosi kanuko pabwalo."

"Koma suli kwanu," anatero Lazaro, ulemu wonse utamuthera. "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Unakwatiwa ndi mphunzitsi, ndipo kumene mishoni yandiika ndiko kwanu."

Apo ananena zoona, ndipo zinali zoona zowawa. Mkazi wa Chichewa amalimba mtima ali pamudzi pa amayi ake, mwamuna ali mkamwini woyenda chozemba. Koma Rabeka anali kutali ndi mbumba yake, imene inali cha ku Vubwi, kumalire a Apwitikizi. Kuno kufupi ndi Mkaika analibe mlongo, analibe malume, anali ndi mwana mmodzi ndi chikho cha madzi amene anali atazizira kale.

Mlungu unatha, alendo osaoneka. Mvula inkagwa ngati yolipidwa. Chilonda chija chimene chinali ngati chikhadabo chinakula ngati chikhatho cha mwana, m'mbali mwake mutatukuka. Lazaro akapita kusukulu, Rabeka ankachitsuka ndi madzi a mchere, n'kusinja masamba amene amayi ake ankaika pa mabala, n'kuphimbapo. Akamva ana akuweruka, ankachotsa msangamsanga ngati wakuba, m'nyumba yake yomwe, pa mwendo wa mwana wake yemwe.

Lamulungu, mapemphero atatha, anakagwada kwa a Simoni, mkulu wa mpingo, kuti amuthandize. A Simoni anabwera madzulo, anakhala pa mpando wa Lazaro, anayang'ana chilondacho nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inaoneka ngati ya munthu amene waona chimanga chake chikubereka bwino.

"Mayi, musaone ngati muli nokha," anayamba motero. "Mdzukulu wanga wa mphere sitikumusambitsa. Nkhalamba yakhungu ya kwa a Tembo takaitenga kumudzi kwawo kuti idzakhale kuno mpaka alendo apite. Mudzi wonse wagwirizana. Nkhanga zinapangana kusanapse."

"Mphere sizidya fupa, akulu a mpingo."

"Inde, n'chifukwa chake chilonda cha mwanayu ndicho chidzawagwire mtima. Zinazi n'zongoperekeza. Dekhani, mayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ine sindikufuna maso a nkhono. Ndikufuna mwendo wa mwana wanga."

"Banja la mphunzitsi ndilo mutu wa mudzi, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya."

"Mutu waukuluwo ndi uwo wakhala apowo, uli bwinobwino, tsitsi lopesa. Nkhonya zikugwera kamwana kosadziwa kanthu. Ngati mukufuna chilonda choonetsa azungu, nayi nkhwangwa, miyendo muli nayo iwiri. Dzitemeni."

"Amake Lidiya!" anakuwa Lazaro. "Ulemu kwa akulu!"

A Simoni anangomwetulira, kumwetulira kwa munthu wopirira zonyozeka chifukwa cha ntchito ya Mulungu. Anati onse atsinzine, n'kupempherera mitsinje kuti iphwe, alendo kuti ayende bwino, ndi mayi wina kuti aphunzire kugonjera. Mwana sanamutchule. Rabeka sanatsinzine, ndipo ameni wake anamumeza.

M'mawa wina, Lazaro akuliza chitsulo choitanira ana kusukulu, Rabeka anabereka Lidiya ndi nsalu ziwiri n'kulowera njira ya kumishoni. Mwanayo anali wamkulu, miyendo inkafika m'mawondo mwa mayi ake, ndipo udzu uliwonse ukakhudza chilonda ankabuula. Anayenda mpaka dzuwa linafika pamutu. Atafika pa Katete anapeza madzi ali thothotho, ofiira, akukokolola mitengo ndi mizu yomwe. Ulalo wa mitengo umene anthu ankawolokerapo unali utapita kalekale. Tsidya linalo kunalibe ngakhale munthu woti n'kumukuwira.

"Amama, tiwoloka bwanji?"

"Sitiwoloka, mwanawe."

"Nanga alendo aja awoloka bwanji?"

Rabeka anakhala pa mwala n'kulira mokweza, kulira kwa pamaliro, chifukwa pamenepo panalibe mkulu wa mpingo womuuza kuti adekhe. Kenako anamanganso mwana kumsana n'kubwerera kumene anachokera.

Anafika dzuwa litapendeka. Lazaro anali pakhomo, nkhope ili gwa, mawu okalipa ali okonzeka. Koma Rabeka atamasula nsalu n'kumugoneka mwana pa mkeka, fungo linadzaza khonde lonse. Phazi linali litatupa, zala zitada bii, ndipo pakati pa chilonda pankaoneka kanthu koyera. Lidiya anali atasiya kulira. Anangoyang'ana bambo ake ndi maso olowa m'kati.

"Atate, alendo akabwera ndidzathamanganso?"

Lazaro anavula kiyi m'khosi n'kukatsegula bokosi. Anasungunula mankhwala yekha, anagwada yekha, anatsuka yekha, misozi ikugwera m'chikho. Koma chilonda chikafika pa fupa sichimvanso za m'kabotolo. Anatsuka masiku otsatirawo m'mawa, masana ndi madzulo mpaka botolo linauma, osasintha kanthu. Rabeka anabwerera ku masamba ake, tsopano mosabisa, ndipo Lazaro sanaletse.

"Ndimayesa ndi masiku ochepa," anatero tsiku lina, osayang'ana mkazi wake.

"Muwauze alendo anu zimenezo," anatero Rabeka.

Mitsinje itaphwa, alendo anafika. Mudzi unawalandira mmene unapanganirana: pabwalo posasesa, ana osasamba, odwala atandandalikidwa pansi pa mtengo wa mbawa ngati maungu a malonda. Anthu amene chaka chatha ankachita manyazi ndi chigamba, lero ankanyadira nsanza. Pali umphawi umene munthu amabadwa nawo, ndipo pali wina umene amachita kuphunzitsidwa kuuvala bwino. Wachiwiriwu ndiwo wonyansa.

Dokotala uja anali mayi wowonda, wofiira ndi dzuwa, maso achikasu ndi malungo, matope mpaka m'mawondo. Machila ake anagonekamo wamtengatenga amene anadwala panjira, iye n'kumayenda pansi. Munthu woipa sanali, ndipo zimenezo zinamuwawa Rabeka koposa, pakuti woipa ukanangomutukwana mtima n'kupepuka. Pambuyo pake pankabwera mzungu wamwamuna ndi bokosi lojambulira zithunzi la miyendo itatu. Abusa a kumishoni, amene ankamva chinenero cha anthu, anatsala akudwala, choncho womasulira anali Lazaro, ndi Chingerezi chake chotola ku Halale kumene anagwirako ntchito ya m'khitchini ali mnyamata.

Dokotala anadutsa a mphere, anadutsa wakhungu, n'kuima pa Lidiya. Anagwada, anachotsa masamba ndi kachitsulo, ndipo nkhope yake inasintha. Anafunsa Lazaro funso lalifupi. Lazaro anayankha yankho lalitali, maso ali pansi. Mayiyo anatukula tsamba limodzi m'mwamba, anatembenukira Rabeka, n'kuyamba kulankhula mwaukali.

"Akuti chiyani?" anafunsa Rabeka.

"Akuti... akuti azimayi a kuno mumachedwa ndi zitsamba. Akuti mwanayu akanatsukidwa msanga ndi mankhwala a mishoni, bwenzi atachira."

Rabeka anamva ngati wina wamuthira makala m'chifuwa. Anaimirira pamaso pa mudzi wonse.

"Auzeni kuti mankhwala anali m'bokosi. Auzeni kuti kiyi anali m'khosi mwanu. Auzeni kuti mudzi uno unaweta chilondachi ngati mbuzi ya chikondwerero, chifukwa chaka chatha anzawo anatilanga kaamba kosesa. Auzeni kuti iwowo ndi amene anatiphunzitsa kuti chifundo chawo chimafuna kaye kuona mafinya. Auzeni!"

A Simoni anakhosomola. Lazaro analankhula mawu ochepa m'Chingerezi, ofatsa ngati madzi a mumtsuko. Rabeka sanamve ngakhale limodzi, koma anaona zimene anachita. Ukali unachoka pankhope ya dokotala, m'maso munadzaza misozi, ndipo anabwera n'kumusisita paphewa ngati mwana amene wavomera kulakwa. Kenako anakodola mnzake uja. Anamukhazika Rabeka pansi, mwana pamiyendo, mwendo wodwalawo atautembenuzira kudzuwa kuti uoneke bwino, masamba aja atawaika pambali pake. Mzunguyo analowetsa mutu m'nsalu yakuda.

Mwendo unadulidwa tsiku lomwelo, m'munsi mwa bondo. Dokotala anati mwanayo sangafike kumishoni ali moyo akadikira. Anazula chitseko cha sukulu n'kuchisanjika pa mipando, anamununkhizitsa Lidiya mankhwala ogonetsa pa kansalu, ndipo anagwira ntchito yake mwaluso, thukuta lili kamukamu, mpaka anapulumutsa moyo. Zimenezo n'zoona ndipo zinenedwe. Chodulidwacho anapatsa Lazaro kuti akakwirire. Lazaro anachinyamula mpaka kuseri kwa nyumba, anachisiya pansi pa nkhokwe n'kukasanza kuthengo. Atabwerako sanachipeze, ndipo sanafunse.

M'mawa mwake dokotala anaitanitsa mudzi. Kudzera pakamwa pa Lazaro ananena kuti wayenda midzi yambiri koma mdima ngati wa kuno sanauone, ndipo nyumba ya mankhwala idzamangidwa pano, pafupi ndi sukulu. Nthungululu zinamveka mpaka kumadimba. Azimayi amene masiku onsewo ankathawa maso a Rabeka kuchitsime anavina mpaka fumbi, ngakhale pansi panali ponyowa. A Simoni anagwira Lazaro dzanja ndi manja awiri.

"Aphunzitsi, mwagwira ntchito. Adzukulu athu adzakutchulani."

Anayeza malo ndi chingwe, anakhoma zikhomo, ndipo dokotala anapereka khasu kwa Lazaro kuti akhale woyamba kukumba maziko. Anali atangogaula pang'ono pamene anthu anayamba kupatuka okha. Rabeka ankabwera pang'onopang'ono, atanyamula kamtolo m'manja awiri monga amanyamulira khanda. Kanali kokulungidwa bwino ndi nsalu yoyera ya m'bokosi, ija anaipempha milungu yonseyi. Tsopano bokosi linali lotsegula, ndipo nsalu inatsala yambiri.

"Kumbani ndithu, atate ake Lidiya," anatero. "Musakumbe pamwamba, agalu angafukule."

"Amake Lidiya, chonde, pano pali alendo."

"Ndawaona. N'chifukwa chake ndabwera. Inu munawasungira chilonda, ine ndawasungira mwendo. Nyumba iliyonse imayamba ndi mzati, ndipo mzati wa nyumba yanuyi ndi uwu." Anagwada n'kuika kamtolo m'dzenjemo, nakonza nsalu kumapeto kumene zala zinkafuna kuonekera. "Aliyense wodzalandira mankhwala pano adzaponda pa mwana wanga. A Simoni, inunso mudzapondapo. Masulirani tsono, aphunzitsi. Si ndinu odziwa kumasulira?"

Dokotala anayang'ana m'dzenje, anayang'ana Rabeka, n'kufunsa Lazaro. Anafunsanso kachiwiri. Lazaro anangoima ndi khasu m'manja, Chingerezi chonse cha ku Halale chitamuthera. A Simoni, poona kuti zinthu ziipa, anayambitsa nyimbo yoyamika ndi mawu aakulu, ndipo mudzi unalandira msangamsanga, aliyense akuimba mokweza kuti asamve za mumtima mwake. Mzungu wa zithunzi, poona anthu akuimba mozungulira maziko, anakondwa n'kulowetsanso mutu m'nsalu yake yakuda.

Rabeka sanadikire. Anapukuta dothi m'mawondo n'kubwerera kunyumba. Lidiya anali atadzuka, milomo itauma, akuyang'ana kudenga.

"Amama, kukuimbidwa chiyani?"

"Akuyamika alendo, mwanawe."

"Amama, phazi likundiyabwa. Ndikandeni."

Rabeka anagwira phazi lotsalalo.

"Iyayi, osati limenelo. Lodwala lija."

Mayiyo anayang'ana pamene chofunda chinagona fulati pa mkeka. Anagwada, anatambasula dzanja, n'kuyamba kukanda mkekawo ndi zikhadabo, pamalo pamene phazi likanakhala.

"Apa?"

"Pansi pang'ono, cha kuzala."

Kunja nyimbo inafika ndime yachiwiri. Rabeka anakanda pansi pang'ono.